Chitseko cha Gogoda

Achimwene anga amadziwika ndi dzina loti Gogoda. Anawapatsa ndi amayi, chifukwa ali mwana sankadutsa chinthu osachimenya: chidebe, msana wa mpando, ngakhale mutu wanga. Atakula anaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo ng'oma zawo zoyamba anapanga okha ndi migolo yodula pakati.

Bandi anaiyambitsira m'garaja ya kunyumba kwawo, iwo ndi anzawo awiri. Wina anali Tambala, woimba ndi gitala, munthu wosadziwa kutsitsa mawu. Wina anali Chete, wa gitala ya besi, amene mungaswere naye tsiku lonse osamva liwu lake. Ankaimba roko, nyimbo zimene oyandikana nafe ankati ndi zitsulo zikukangana. M'garajamo munkalowa madzi nthawi ya mvula, choncho achimwene anagoneka chitseko chakale pa njerwa n'kuikapo ng'oma. Malo anali ochepa, ndiye sipika ya besi inkakhala kumapeto kwa chitseko chomwecho.

Pa zithunzi zakale za bandiyi pamaoneka amuna atatu. Sipaoneka alamu anga, akazi awo a Gogoda, amene ankakulunga mawaya, kusoka zikwama za ng'oma, ndi kuchapa malaya onunkha thukuta ndi utsi wa fodya wa anthu ena. Dzina lawo silinatchulidwepo pa maikolofoni.

Tsiku lina achimwene anagwa pa lole potsitsa zida, ndipo phewa silinabwererenso mwakale. Ng'oma anasiyira mayi wina wa manja olimba, amene anyamata anamutcha Nyundo. Achimwene anaphunzira kiyibodi ali ndi imvi kale, n'kuiika pa chitseko pomwe paja.

Za makutu anayamba kuzindikira ndi alamu. Ketulo inkalira achimwene ali pompo, osacheuka. Khutu lamanzere linafa, lamanja linali kutsatira. Anatiletsa kuuza aliyense. "Woimba wogontha amulemba ndani?" anatero. Kuyambira pamenepo ankaimba atavula nsapato. Anthu ankayesa ndi sitayilo, Tambala ankawaseka kuti anazipinyolitsa. Koma zoona zake n'zakuti besi ikalira, thabwa limanjenjemera, ndipo achimwene ankaimva nyimbo m'mapazi.

Zinayenda choncho mpaka pamene anakaimba pa bwalo lina la simenti. Bandiyi ili ndi nyimbo ina imene pakati pake zida zonse zimangoti zii, kenako kiyibodi ndi mawu a Tambala zimalowa pamodzi. Tsikulo achimwene analowa okha, molawirira, anthu n'kuseka.

"Iwe Gogoda, kaya ndi mowa kaya ndi ukalamba, ine sindikudziwa," anatero Tambala m'garaja mawa lake. "Koma ukaphonyanso kuholo kuja, kiyibodi ndipatsa wina. Tinayamba limodzi, inde, koma sindimira nawe."

Kuholoko kunali chikondwerero cha bandi yomweyi, Loweruka masana, ndipo kunabwera ojambula vidiyo. Sitinade nkhawa kwenikweni, poti siteji ya kumeneko tinkaidziwa, inali ya matabwa. Titafika m'mawa tinapeza anaikonzanso. Anathira simenti, pamwamba n'kuyala kapeti yofiira yonenepa.

Achimwene anavula nsapato n'kuima kumbuyo kwa kiyibodi. Chete anakoka nsambo ya besi, mpaka magalasi a mawindo analira. Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwa achimwene. Zinkakanda kapetiyo ngati zikufunafuna kanthu. Kenako anadzutsa maso kuyang'ana akazi awo, n'kupukusa mutu pang'ono.

Alamu anandikoka nsalu. "Tiyeni, alamu."

Lole inali itapita kukatenga mipando. Tinathamangira kunyumba, tinabwereka wilibala kwa omanga nyumba ya pafupi, tinaika njerwa pansi, chitseko pamwamba. Chinali cholemera, chitamwa chinyezi cha zaka zambiri. Alamu ankakankha, ine ndikugwirira kuti chisapendeke. Tayala linkalira, ndipo pa mphambano woyendetsa minibasi anatulutsa mutu.

"Amayi, akuthamangitsani? Mwangotengako chitseko chokha?"

Alamu anapitiriza kukankha. Thukuta linkagwera pa thabwa.

Pamene tinkalowa pa khomo la kumbuyo, anthu anali atayamba kale kudzaza m'holo. Tinakweza chitsekocho pa masitepe, kuseri kwa katani, ndipo tinakumana ndi Tambala atavala jekete yake yonyezimira.

"Alamu, ichi n'chiyani? Tikumanga nyumba?"

"Abambo aimirirepo," anatero alamu, akupuma movutikira.

"Chinyansi chimenechi? Pamaso pa makamera? Chotsani."

"N'chamwayi chawo. Anazolowera."

"Mwayi? Ndiye tafika pa zithumwa?" Tambala anatembenukira kwa achimwene. "Gogoda, uza mkazi wako atulutse nkhuni zake."

Achimwene ankayang'ana milomo ya mnzawoyo. Alamu anagwira chitseko ndi manja onse awiri, osachisiya. Chinsinsi sichinali chawo choti aulule. Kunja kwa katani anthu anayamba kuimba malikhweru.

"Sindikumva, Tambala." Mawu a achimwene anatuluka okwera kwambiri, monga amachitira munthu wosadzimva yekha. Nyundo anasiya kumanga ng'oma yake. "Makutu anapita kalekale. Besi ndimaimvera m'mapazi. Pa simenti sindimva kanthu."

Tambala anayang'ana mapazi a achimwene opanda nsapato.

"Nthawi yonseyi ndikukunena za mowa, iwe uli duu?"

"Ukanatani?"

Chete anatsika pamalo pake, anayala njerwa, anatithandiza kugoneka chitseko, kenako anakwakwaza sipika yake n'kuikhazika kumapeto, monga m'garaja.

"Zimene ndinanena zija sindinabweze," anatero Tambala, akukonza kolala. Analankhula atayang'ana kumbali, ndiye sindikudziwa ngati achimwene anawerenga milomo yake.

Katani inatseguka. Ine ndi alamu tinaima m'mbali, pakati pa zikwama za zida. Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Chitseko chinkanjenjemera, fumbi lake likudumpha, achimwene atatsinzina, zala zikuthamanga. Koma alamu sanamasuke, ndipo nditaganiza ndinazindikira chifukwa chake. Pakati pa nyimbo ija besi nayo imakhala chete. Thabwa silikhala ndi choti liwauze. Ndipo Tambala sadikira mofanana masiku onse, amakoka chetecho malinga ndi mmene anthu akukuwira, ndipo amaima kutsogolo, achimwene n'kumangoona msana wake. M'garaja ankaona nkhope yake. Pa masiteji a matabwa ankamva iye akupondaponda. Lero Tambala anali pa kapeti.

Nyimboyo inafika. Nyundo anamenya komaliza n'kugwira mbale zachitsulo za ng'oma zake kuti zisalire. Besi inaduka. Anthu anakuwa, ena ataimirira pa mipando. Manja a achimwene anali m'mwamba pang'ono pa kiyibodi. Alamu anandifinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Tambala anaima kutsogolo, dzanja lili m'mwamba, akusewera ndi anthu ake. Chetecho chinatalika. Kenako anayamba kubwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, waya wa gitala ukukwawa pansi, mpaka chidendene cha nsapato yake chinakhudza chitseko. Anakwera ndi phazi limodzi. Anagogoda ndi chidendenecho, monga achimwene ankachitira ndi timitengo ta ng'oma kalelo poyambitsa nyimbo.

Analowa pamodzi.

Zimene zinatsatira sindinazione bwino, chifukwa alamu anakhala pansi mwadzidzidzi pa chikwama cha ng'oma, ndipo ndinapita kukawafunira madzi.

Anthu atatuluka, dzuwa lisanalowe, tinayamba ntchito yathu ya masiku onse. Alamu ankakulunga mawaya ndi dzanja limodzi, poti m'chikhatho china munali mutalowa kachidutswa ka thabwa. Lole itafika, Tambala anaima pa khomo akulamula onyamula katundu.

"Yambani ndi chitsekocho! Chigonekeni pansi, musachikhulule. Kuyambira lero chili m'gulu la zida." Anatembenukira kwa achimwene n'kulankhula pang'onopang'ono, akuwayang'ana kumaso. "Koma uchipake penti, iwe. Chikutichititsa manyazi."

Achimwene anaseka, akuvala nsapato.

Wilibala ija palibe anaikumbukira. Tinaibweza tokha, ine ndi alamu, tikusinthana kukankha.