Zimene Atate Analemba m'Sileti

Atate ankaitcha sileti. Ndinayesa kangapo kuwauza kuti ndi kachipangizo kowerengera mabuku, kuti m'kati mwake mungalowe mabuku odzaza ngolo, koma iwo ankangoitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Yakuda m'mbali, yotuwa pakati, zilembo zimabwera n'kufufutika. Ndi sileti imeneyi." Ndinasiya kulimbana nawo. Munthu amene wakhala katekisiti zaka makumi anayi sungamugonjetse pa nkhani ya mayina.

Ndinaigula kwa mayi wina wa salaula, wogulitsa zovala zakale, amene amadutsa ndi katundu wake pa malire a Mwami. Inali yakale, yokandika kumbuyo, koma batire lake linali lamoyo. Ndinaigulira maso a atate. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba, moti sankathanso kuwerenga ngakhale zolemba za dzanja lawo. Chonsecho anali ndi makope mulu, mmene analembamo aliyense amene anamuika m'manda a kwathu, kufupi ndi Madzimoyo: anali mwana wa yani, anagona mzere uti, pafupi ndi mtengo uti. Manda ambiri kwathu alibe mtanda wolembedwa, ndiye munthu akasokonezeka ankabwera kwa atate.

Ine ndimagwira ntchito m'kashopu kotayipa ndi kuchita fotokope m'tauni mwa Chipata. Makasitomala akachepa ndinkatayipa makope aja, tsamba ndi tsamba, mpaka ndinamaliza. Maganizo anga anali oti ndiwaike m'sileti, atate aziwerenga ndi zilembo zikuluzikulu n'kumakonza pamene ndalakwitsa.

Koma sileti ija inali ndi eni ake, ngakhale ndinali nditaigula. Inkamvera amene anaipanga. Zilembo zinkakula n'kulekeza pamene iwo anafuna, ndipo pamenepo atate ankaonabe utsi wokhawokha. Ukaisiya kuti ipume, inkaonetsa zithunzi zotsatsa mabuku a Chingerezi. Tsiku lina inaonetsa mwamuna ndi mkazi atakumbatirana, malaya ali pambali. Atate anaiyandikiza kumaso, anayang'anitsitsa, kenaka anaivundikira pa tebulo mwakachetechete. "Maso angawa," anatero, "zofunika saona, koma izi aona."

Ndiye ndinaganiza zothyola loko wake. Sabata yathunthu ndinawerenga pa intaneti malangizo a anthu amene anachitapo zimenezi. Choyamba umayang'ana nambala ya pulogalamu imene ili m'katimo, chifukwa ikakhala yatsopano kwambiri, khomo lake n'lotseka kale. Yanga inali yakale, mwayi wanga. Ndinailumikiza ndi chingwe ku kompyuta ya kushopu, n'kukoperamo mafayilo amene ananena, n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso. Pagalasi panayamba kuthamanga tizilembo ting'onoting'ono tosamveka. Itadzuka, inali yanga. Ndinaikamo pulogalamu ina yowerengera, imene inkakuza chilembo chimodzi kufika pa njere ya nshawa, ndipo ukadina mzere inkakulola kulembapo mawu ako.

Malangizo aja anali ndi chenjezo lolembedwa mobwerezabwereza. Opanga sileti amatumiza apudeti kudzera pa wayifayi, osakufunsa, ndipo ikalowa imatseka khomo lija mpaka kalekale. Njira zoitchinga zinali zitatu. Yoyamba, kuyatsa kachizindikiro ka ndege kuti sileti isamve netiweki iliyonse. Yachiwiri, kudzaza mimba yake ndi mafayilo opanda kanthu kuti apudeti ikabwera isowe pokhala. Ziwirizi ndinachita tsiku lomwelo. Yachitatu inali yolowa m'kati mwenimweni n'kusintha dzina la kapulogalamu kamene kamakatenga apudetiyo. Imeneyi ndinaiopa, chifukwa ukaphonya pang'ono sileti imafa osadzukanso. Ndinati ndidzachita mawa. Ndinadzitonthoza kuti kumudzi kulibe wayifayi.

Atate ndinangowauza chinthu chimodzi: "Kandege aka musakakhudze." Analisunga lamulo limeneli kuposa mmene akhristu awo ankasungira Lachisanu. Mlendo akapempha kuti aione, ankamupatsa ali chigwirire mbali ina. Masana onse ankakhala pansi pa mtengo wa mango, chala chimodzi chikudina pang'onopang'ono, kukonza mayina ndi mizere. Ndikabwera Loweruka ankandilandira ndi milandu. "Iwe, amake a uje sanagone kumadzulo kwa mkuyu. Unatayipa uli mtulo?"

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira. Ndili mtsikana ndinabereka mwana wamwamuna kumudzi komweko. Anakhala masiku awiri. Kwathu mwana akamwalira asanatuluke m'chikuta, ndiye kuti masiku oyamba aja amene mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba, salira maliro. Sapatsidwa dzina. Amayi achikulire okha ndi amene amakamuika, kumphepete kwa manda, ndipo mayi wake sauzidwa malo. Amati ukalira kapena ukapitako, sudzaberekanso. Ine ndinali ndi malungo aakulu, sindinaone kanthu. Nditachira ndinapeza nyumba yosesedwa bwino ndi anthu okamba za mvula. Ndinameza. Ndinameza zaka zambiri, ana ena awiri anabadwa n'kukula, koma uja sanachoke pakhosi panga.

Loweruka lina, ndikuwatchajira sileti pa sola, atate anayankhula nkhope atalozetsa kumunda.

"Mwananga, uja wako woyamba. M'makope mulibe."

Anapitiriza osanditembenukira.

"Mmawa umene anapita ndinamubatiza ndi madzi a m'kapu. Ndinamupatsa dzina. Azimayi atamunyamula ndinawatsatira patali, ndinaona pamene anamuika. Mwambo ndinauphwanya, koma kukuuza ndinaopanso. Ndalemba m'siletimu, kumapeto kwenikweni, malo ake ndi dzina lake. Koma usawerenge ndili moyo. Sindingathe kukuyang'ana kumaso."

Ndinalonjeza. Ndipo pano mpamene ndimadzida. Ndikanatha kukopera zonse zimene analemba, kuziika mu kompyuta osaziwerenga. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndinkaidziwa bwino. Koma ndinkadzidziwanso ndekha. Zikanakhala kushopu, ndikanatsegula dzuwa lisanalowe. Ndinasankha kuzisiya m'manja mwawo, pansi pa kandege kaja.

Atate anamwalira nthawi yotola thonje. Titawaika, azakhali anga, mlongo wawo wa atate, anasonkhanitsa katundu yense wa malemu n'kumutsekera m'chipinda. Ndi mmene timachitira: palibe amene amatenga ngakhale singano mpaka patatha mwezi, pamene abale amakumana kuti agawane. Ndinapita kwa azakhali mwaulemu, ndinagwada, ndinapempha sileti yokha.

"Ukufuna anthu anene chiyani?" anatero. "Kuti mwana wamkazi wayamba kutola katundu dothi la pamanda lisanaume? Idikire. Siithawa."

"Ndiye chonde, azakhali, munthu asaikhudze."

"Ndani akhudze? Kiyi ali m'chiuno mwangamu."

Chifukwa chake sindinanene. Ndikananena bwanji, poti azakhali omwewo anali mmodzi wa amayi amene ananyamula mwana wanga? Ndinabwerera ku Chipata, ndipo mwezi umenewo ndinautayipa molakwitsalakwitsa. Nkhawa yanga inali batire basi. Za mwambo wotsuka katundu sizinandibwerere m'mutu n'komwe, ine amene ndinakulira momwemo.

Tsiku loti mawa lake tigawana, zonse za malemu zimatsukidwa. Zovala zimachapidwa, nsapato zimapukutidwa, njinga imatsukidwa mpaka masipoko, kuti wolandira alandire chopanda thukuta la amene anapita. Ine ndinachedwa, chifukwa kushopu kunali ana asukulu ofuna mafotokope, ndipo ndinakwera minibasi dzuwa litapendeka. Mlongo wanga wamng'ono, amene amagwira ntchito yolembera mapepala a malole pa Mwami, anali atafika mmamawa.

Nditalowa pabwalo ndinaona malaya a atate atayanikidwa pachingwe ndi pamaluwa, jekete lawo la Lamulungu likudontha. Azimayi anali pamphasa akusankha nyemba. Mlongo wanga anabwera akumwetulira, sileti ili m'manja awiri.

"Asisi, ndaikonza," anatero. "Azakhali anati izi za magetsi sizifuna madzi, nditsuke ine mwa njira yake. Foni ya atate ndaifomata, iyinso ndaifomata. Mamemori anali fulu, zinyalala zokhazokha, ngakhale nthawi inali yolakwika. Ndailumikiza ku foni yanga, yapanga apudeti yokha. Manje ili nyuwani."

Ndinayang'ana pagalasi. Panali chithunzi chotsatsa buku la Chingerezi. Pakona pamene pankakhala kandege panali timizere ta wayifayi, todzaza bwino.

Sindikumbuka kuti chikwama ndinachiponya kuti. Ndikukumbuka mawu anga, chifukwa sanali mawu oyankhulira pabwalo la maliro. Ndinamutcha chitsiru chophunzira. Ndinamufunsa amene anamutuma kuti azigwira zinthu zimene sakuzidziwa. Iye, bambo wa ana atatu, anabwerera m'mbuyo sileti ili m'manja. Azakhali anadzuka pamphasa.

"Iwe! Ukutukwana mlongo wako chifukwa cha kagalasi? Makope a atate ako si awo ali m'katoni?"

"M'makope mulibe mwana wanga!" ndinakuwa. "Mwana wanga amene munakamutaya inu, osandiuza! Atate analemba mmenemu pamene anagona. Analemba dzina lake. Anali ndi dzina, azakhali!"

Mayi wina anasiya lichero n'kulowa kukhitchini. Chinthu chimene mudzi wonse unachikwirira zaka zonsezo ndinali nditachifukula masana, pamaso pa alendo. Azakhali anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhalanso pansi n'kupitiriza kusankha nyemba.

Mawa lake katundu anagawidwa. Njinga inapita kwa mlongo wanga, jekete kwa amalume, sileti kwa ine. Palibe anaikanganira. Kushopu ndinailumikiza ku kompyuta, ndinayesa mapulogalamu onse obweza zofufutidwa amene ndinawapeza. Masiku atatu. Munalibe kanthu, ngakhale chilembo chimodzi. Nambala ya pulogalamu inali yatsopano, khomo lotsekedwa. Mlongo wanga anandiimbira kasanu, ndinayankha kachisanu ndi chimodzi. Anali akulira. Ndinamuuza kuti iye anatsuka monga anamuuzira, wolakwa ndine. Kufomata kokha kukanafufuta zonse, ngakhale ndikanatchinga apudeti njira zonse zitatu. Chimene chikanapulumutsa mawu a atate chinali kukopera kwa mphindi ziwiri kuja, ndipo amene sanakopere ndine. Kunena zimenezi kunandiwawa kuposa kutukwana.

Asanadule foni anati, "Azakhali akuti mubwere Loweruka. Akuti mubwere ndi khasu."

Ndinawapeza atamanga kale chitenje, ndodo ili m'manja. Sanandifunse za ulendo. Anatsogola, ine pambuyo, kudutsa m'minda ya thonje yotolatola, mpaka kumanda. Sitinalowe m'mizere mmene munagona atate ndi amayi. Tinazungulira kuseri, kumene kuli udzu ndi zitsamba.

"Omunyamula tinali anayi," anayamba, osandiyang'ana. "Atatu anapita, ndatsala ine. Atate ako ankatitsatira, ankayesa sitikuwaona. Tinkawaona. Tinangowasiya."

Anaima, anayang'ana uku ndi uku, anayenda pang'ono n'kubwereranso. Mtengo wa msuku umene ankaufuna unali utadulidwa kalekale, panatsala chitsa. Analoza ndi ndodo.

"Pakati pa chulu ichi ndi chitsa icho. Penipeni sindinganame, maso anga akalamba. Koma ndi pompano."

Malowo anali aakulu ngati mphasa ziwiri. Panalibe kamtumbira, panalibe mwala, udzu wokhawokha wouma.

"Sitinachite mwankhanza," anatero. "Nafenso anatichita chomwecho. Anga awiri ali kwinakwake kuseri kuno, sindidziwa pati."

Aka kanali koyamba kumva kuti azakhali anatayapo ana. Ndinafuna kunena kanthu, koma pakamwa panatuluka funso langa lomwe lija.

"Nanga dzina, azakhali?"

Anapukusa mutu. "Ndinali pakhomo pamene ankamuthira madzi. Anachita kunong'ona. Sindinamve."

Ndinayamba kulambula. Popeza penipeni sindinkapadziwa, ndinalambula ponse, kuyambira pachulu mpaka pachitsa. Azakhali anaika ndodo pansi, anawerama movutikira, n'kumazula ndi manja udzu umene khasu linasiya. Titamaliza ndinagwada pakati pa dothi lofiiralo. Pamanda timayamba ndi kutchula dzina la amene wagona, ndi mmene atate anatiphunzitsira. Ndinatsegula pakamwa, ndinadikira, ngati kuti dzinalo libwera lokha.

Silinabwere. Ndinangoika dzanja pansi n'kunena kuti, "Iwe, ndine amako. Ndachedwa, koma ndabwera."