Kabati ya Utuchi

Dzulo mvula inadontha pa shelefu ya mu ofesi mwathu, ndipo fungo la utuchi wonyowa linandibwezera ku Nathenje.

Bambo anga anali aphunzitsi. Atawasamutsira kumeneko kuchokera ku Mitundu, anawagulira amayi kabati yosalala, yonyezimira, yoti munthu n'kudzionerapo nkhope. Amayi ankaipukuta ndi nsonga ya chitenje m'mawa uliwonse.

Koma nyumba ya pasukulupo inali ndi nsikidzi. Loweruka lina tinatulutsa katundu yense panja. Ine ndinkanyamula madzi otentha, amayi n'kumathira m'ming'alu monse, monga ankachitira ndi bedi lathu la mlombwa. Kabati nayonso inamwa ndowa ziwiri.

Pofika masana inali itafufuma ngati chigumu. Khungu lonyezimira lija linasendeka, zitseko zinakana kutsekeka. Amayi atatsina m'mphepete, thabwa linangoyoyoka m'manja mwawo.

"Bambo a mwana, kodi si mtengo uwu?"

Bambo anayang'ana pansi. "Ndi utuchi womata ndi guluu. Ndinkadziwa, koma mmene munasangalalira muja, ndinachita manyazi kukuuzani."

Amayi anagwira nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta kabatiyo pang'onopang'ono, utuchi ukuwamatirira m'zala.