Mayi Ntchentche ndi Chipinda cha Telala

Kupolisi ankawatcha Mayi Ntchentche. Dzinali linayamba ngati chipongwe chaka chimene anabwera kuchokera kumaphunziro atanyamula timabotolo tosungiramo mphutsi, koma patatha zaka makumi awiri ngakhale bwana wamkulu ankawaitana choncho pafoni. Ntchito yawo inali kufika pamene pafera munthu, kujambula zithunzi, kutola tsitsi, magazi ndi zidindo za zala, n'kutumiza zonsezo kulabotale.

Bambo awo anali opha nyama kubutchala, choncho magazi anawazolowera akadali mwana. Chimene chinawakanika kuzolowera ndi fungo. Linkalowa m'tsitsi, m'zikhadabo, mpaka m'lamba wa wotchi. Akaweruka ankasamba kawiri asanakhudze chitseko cha kukhitchini, ndipo amuna awo, okonza mawailesi, ankangowayang'ana kumaso n'kunena kuti, "Khalani pansi, lero ndiphika ndine." Mayiwo anasiya kalekale kudya mpunga, ndipo m'nyumbamo munalibe wofunsa chifukwa chake.

Lachinayi lina m'mawa, nyengo yotentha, anaitanidwa kunyumba ya telala wina wachikulire amene ankakhala kuseri kwa shopu yake. Anapita ndi sajeni, mnzawo wa ntchito. Pakhonde anapeza mng'ono wa telalayo atakhala pansi, atavala jekete lositidwa bwino, akulira mamina ali chuchuchu.

"Ndinachoka Lolemba kupita kwa mnzanga," anatero mng'onoyo. "Achimwene ndinawasiya ali bwinobwino, akusoka. Ndafika lero ndawapeza chonchi. Ndi akuba awa, bwana. Anandilera ndi iwowa, ndilibenso wina wondisamala."

Sajeni anamugwira paphewa. Mayi Ntchentche anavala magulovesi n'kulowa.

Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi kuchipinda. Atakankha chitseko cha kuchipinda, fungo linawamenya mpaka kukhosi, ntchentche n'kudzuka zonse pamodzi. Telalayo anali chafufumimba pambali pa bedi, atafufuma moti mabatani a malaya anali atathothoka, ndipo kunkhongo kunali bala lalikulu. Sajeni anangosuzumira kamodzi n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukasanza.

Mayi Ntchentche anagwada. Anatola mphutsi ndi kapani, kuziyeza ndi rula, kuziponya m'botolo. Zinali zonenepa, zazitali ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kenako anatukula mkeka umene unali pafupi, ndipo pansi pake anapeza zina zitachoka kale pamtembo, zitauma n'kusanduka zofiirira, zikudikira kutuluka mapiko.

"Sajeni, mwapezako bwino?" anafunsa ataimirira. "Mnyamata wanu uja akuti anachoka liti?"

"Lolemba, mayi."

"Mphutsi za masiku atatu sizikula chonchi. Bambowa agona pano masiku asanu ndi atatu, mwinanso kuposa. Musamulole achoke pakhondepo."

Pafelemu ya chitseko, mbali ya pabalaza, zala zawo zinamata. Wina anali atamatapo tepi kuzungulira chitseko chonse, kenako n'kuimatula. Anatuluka kukafukula m'bini la zinyalala, m'makoko a mazira ndi masamba a tiyi owola, mpaka anaipeza itakulungidwa ngati mpira. Kumbali yomata kunali zidindo za zala zooneka bwino ngati munthu wadinda pachiphaso.

Atabwerera pabalaza m'pamene anayang'anitsitsa. Pansi panali matiresi ndi bulangete, mapazi atatu okha kuchokera pachitseko chija. Patebulo panali kapu ya tiyi yotsalira, mpeni wopaka majarini, ndi buledi wodyedwa theka. Papepala lake panali deti la Lachiwiri, tsiku limene mng'onoyo ankati anali kwa mnzake.

Mayi Ntchentche anaima nji. Mitembo anali ataiona yambirimbiri, yam'madzi, yam'moto, yam'zimbudzi, ndipo mtembo sunawalakwirepo. Kuwola ndi kwa tonse. Koma apa panali munthu wamoyo amene ankadzuka m'mawa, kuwiritsa madzi, kupaka majarini mpaka m'mphepete mwa buledi, n'kumatafuna mkulu wake akufufuma kuseri kwa thabwa. Malovu anadzadza m'kamwa mwawo. Anawameza, poti pamalo a ntchito salavulirapo.

Chinatsala ndi chida chimene anamumenyera telalayo. M'shopu zonse zinali ndi fumbi ndi tiulusi, makina osokera, lumo, tebulo lodulira nsalu. Simbi yokha ndiyo inkawala ngati yatsopano. Anamasula zomangira chogwirira chake, ndipo pansi pake panali magazi ouma ndi titsitsi tiwiri ta imvi.

Akutulutsa mtembo, mayi wina wa mumsewu womwewo anawatsekereza panjira. Ankafuna diresi lake limene linali m'shopumo, chifukwa ukwati unali Loweruka, ndipo ankafunsa ngati fungolo lingachoke akalichapa. Mayi Ntchentche anangomulambalala.

Zotsatira za kulabotale zinatenga milungu itatu. Magazi a pasimbi anali a telala, zala za patepi zinali za mng'ono wake, ndipo dokotala woyeza mitembo anagwirizana ndi mphutsi pa tsiku la imfa. Atamuyalira zonsezi patebulo, mng'onoyo anasiya kulira. Anapempha madzi akumwa, kenako anafotokoza mosavutika ngati akunena za mpira.

"Ananditukwana pamaso pa makasitomala kuti ndine mlesi. Akuti zaka makumi anayi ndikudyabe m'manja mwawo, ndipeze kolowera. Inunso mukanamva bwanji?"

"Ndiye unakhalamo bwanji sabata yonse?" anafunsa sajeni.

"Ndikanapita kuti? Kwathu n'komweko. Ndipo pabalaza fungo silinkafika kwenikweni, tepi ija inali yolimba. Linadzanyanya Lachitatu, anthu atayamba kufunsa."

Mayi Ntchentche sanafune kulankhula naye, koma panali funso limodzi limene linkawasautsa. "Jekete lija unavala tsiku limene tinabwera, unalisita ndi chiyani?"

Anawayang'ana modabwa. "Simbi m'nyumbamo inali imodzi, mayi. Koma ndinali nditaitsuka."

Mayi Ntchentche anatseka faelo n'kutuluka panja. Anaima pansi pa mtengo kwa kanthawi, akupuma ndi pakamwa.

Kukhoti anaima maola awiri akufotokoza mmene mphutsi imakulira tsiku ndi tsiku. Woweruza ankamvetsera atatseka pakamwa ndi mpango, ndipo loya wa woimbidwa mlandu atayesa kunena kuti tizilombo si mboni, iwo anayankha kuti tizilombo sitidziwa munthu, choncho sitingamunamizire. Mng'onoyo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Akutsika masitepe a khoti, anamva wina akuwaitana. Anali mlongo wa telala uja, mayi wonenepa amene anakhala kumbuyo masiku onse a mlandu atafunda nsalu yakuda. Mayi Ntchentche anaima, akuganiza kuti mwina akufuna kuthokoza, kapena kuwadandaulira kuti amutayitsa alongo awiri. Zonsezo akanazimvetsa.

"Pepani mayi," anatero mlongoyo motsitsa mawu. "Poti mlandu watha, simbi ija mutibwezera liti? Ndi yachikale ija, yolimba. Zamasiku anozi sizikhalitsa."

Mayi Ntchentche anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anamuuza nambala ya ofesi yosungira katundu wa milandu ndi tsiku limene imatsegulidwa. Sajeni anali atawatsegulira kale chitseko cha galimoto, koma anamuuza kuti apite yekha, iwo ayenda pansi.