Sindinakwere Galimoto ya Malume

Malume anga anafika ku Kawale Loweruka m'mawa, pa kagalimoto kapamtetete kamene anabwereka kwa wogulitsa mbatata wa kwathu ku Ntcheu. Kumbuyo kwake anayalako matiresi. Nditasuzumira pawindo n'kuona matiresiwo, ndinadziwiratu kuti sanabwere kudzazonda matenda. Anabwera kudzanditenga kuti ndikafere kumudzi.

Mwambo umenewu aliyense m'tauni muno amaudziwa, kungoti sitiutchula poyera. Munthu ukadwala mpaka abale n'kutaya mtima, amakunyamula udakali ndi mpweya, poti kunyamula wodwala n'kopepuka kusiyana ndi kunyamula maliro. Amakuuza kuti ukapumeko kumudzi. Tonse timadziwa kupuma kumene akunena.

Matenda anga anali khansa ya m'mawere. Bere lakumanzere anali atalichotsa kale, ndipo ndinali pakati pa mankhwala a m'dilipi aja amati kemo. Amene sanalaweko mankhwala amenewo asandiuze za kuzunzika. Tsitsi lonse linayoyoka, zikhadabo zinada bii, m'kamwa munali zilonda zokhazokha, ndipo fungo la anyezi wokazinga kwa aneba linkandisanzitsa. Amayi a kumpingo akabwera kudzandiona ankaimba nyimbo zokoka zija, mawu ali pansipansi, mpaka tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi amayi, mtembo wake uli kuti?" Kuyambira pamenepo anayamba kubwera ndi nyimbo zowombera m'manja.

Koma adokotala anali atandiuza mosapita m'mbali. Ndikalandira mankhwala onse pa masiku ake, mwayi wochira ulipo. Ndikadukiza, zonse ndavutikirazi zapita pachabe. Lachiwiri lotsatiralo linali tsiku langa la dilipi, ndipo kumudzi kwathu dilipi yoteroyo kulibe.

Malume anakhala pampando wa pabalaza, chipewa chili pabondo. Amuna anga anakhala pakasitulu pafupi ndi chitseko. Amuna angawa amawotcherera zitsulo ku Biwi, ndipo pantchito pawo ndi munthu wa mawu, koma pamaso pa malume anali mkamwini basi, wosayenera kulowerera za mbumba ya eni. Ine ndinatuluka kuchipinda ndikugwira khoma, duku lili kumutu.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero malume, "taona mmene wathera. Mayi ako kumudzi akungolira. Tiye kwanu, ukakhale pakati pa abale ako. Za kuchipatalazi zakanika, zatsala n'za Mulungu."

"Wakuuzani ndani kuti zakanika, malume?"

"Maso ndili nawo. Matenda amenewa sachira. Iwe unamuonapo ndani atachira?"

Nyumba za ku Kawale n'zothithikana, ukayetsemula aneba amakupepesa. Panja ankayanika zovala mnzanga wapamtima, mayi wa ku Thyolo wogulitsa mandasi mumsika wa Chilinde. Ndi yemweyu amene anandikokera kuchipatala tsiku limene ndinamuululira za chotupa, ine ndikufuna kuyamba ndathamangira kwa asing'anga. Funso la malume analimva. Anaodira, n'kulowa, n'kugwada bwinobwino kupereka moni. Atatha moni anayamba kumasula mabatani a bulauzi.

"Abambo, mwafunsa funso, ndiye ndati ndikubweretsereni yankho."

Mbali imodzi ya chifuwa chake inali yosalala, ndi chipsera chachitali chakalekale, chouma bwino. Malume anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Mayi, valani! Valani, chonde!"

"Ndivala mukaona kaye. Anandidula bere mwana wanga womaliza akukwawa. Lero mwanayo ali ku sekondale, ndipo amadya mandasi anga osalipira. Nanenso kwathu anabwera kudzanditenga. Ndikanakwera, bwenzi pano pamanda panga patamera mtengo."

Sindikudziwa kumene mphamvu zinachokera, chifukwa m'mawa womwewo ndinalephera kunyamula ndowa ya madzi osamba. Mtima unandiwira. Ndinakwiya ndi matiresi aja, ndinakwiya ndi anthu onse amene anali atandiika kale m'manda m'mitima mwawo ine ndikupuma. Ndinavula duku, mutu wanga wa mpalawo n'kuusiya poyera.

"Malume, ndine mbumba yanu, sindikukana. Tsiku limene ndidzafe mudzabwere ndi galimoto, mudzandipeza ndili phee, sindidzakuyankhani. Koma lero ndikuyankha. Sindikwera."

"Iwe, mawu a akulu amakoma akagonera. Ukadzafera kuno, usadzati sindinabwere."

"Ndikadzafa sindidzanena kanthu, malume."

Mnzanga uja anaphulika kuseka, bulauzi ili m'manja. Malume anayang'ana kwa amuna anga, kudikira kuti mkamwini awathandize kundinyengerera. Amuna anga anayang'ana pansi n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Pepani, bambo. Lachiwiri ndiwaperekeza kuchipatala."

Malume anavala chipewa. Chakudya anakana. Anangouza dalaivala kuti atsitse thumba la mbatata, galimoto n'kubwerera ndi matiresi ake. Itangokhota pamsewu, ndinakhala pansi n'kulira. Ndinali ndi mantha, ndisaname. Ndinkaopa kuti mwina malume akunena zoona, ndipo ndidzafera m'nyumba ya lendi amayi anga asanandigwire dzanja. Mnzanga anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenaka anati, "Watha? Dzuka umwe phala, Lachiwiri silili patali."

Lachiwirilo ndinapita, ndipo masiku ena onse otsatira ndinapitanso. Nthawi zina ndinkatsika minibasi n'kusanza m'ngalande anthu akundiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Mankhwala anatha. Tsitsi linamera, lofewa ngati la khanda. Adokotala atandiunika anati sakuonanso kanthu, komabe ndizibwerabe kudzayezetsa, ndipo mpaka lero ndimapita.

Kumudzi ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga, kukakhala nawo pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Amayi anandigwiragwira nkhope ngati sakukhulupirira. Ndinavina mpaka fumbi kobo, dala, kuti aliyense amene anandilira aone bwino. Malume anandipatsa moni wa ulemu, koma za tsiku lija sanatchule.

Gule ali mkati, msuweni wanga, mwana wamkazi wa malume omwewo, anandikodola. Tinazungulira kuseri kwa nyumba. Anangotenga dzanja langa n'kulilowetsa m'bulauzi mwake, kumunsi kwa bere. Ndinakhudza chotupa cholimba ngati mtedza.

"Chayamba liti?"

"Dzinja lapitali. Sindinauze munthu. Ndimaopa kuti akadziwa angondiyalira mphasa."

Sindinadikire kuti chinkhoswe chithe. Ndinawapeza malume atakhala ndi azibambo anzawo, ndinagwada, n'kuwapempha kuti tiyankhule pambali. Ndinawauza zimene dzanja langa linakhudza, ndiponso kuti mawa ndinyamuka ndi mwana wawo kupita ku Lilongwe. Ndinali nditakonzeka kukangana nawo mpaka dzuwa kulowa.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundiona koyamba.

"Kodi naye akachira ngati iwe?"

"Sindikulonjezani, malume. Koma akangokhala kuno, yankho mukulidziwa."

Anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Minibasi yoyamba imadutsa m'mamawa," anatero. "Chikwama chake ndinyamula ndine mpaka kumsewu."