Chimene Ndinalawa m'Chipanda

Anthu a m'mudzi mwathu amakumbukira kuti ndinakweza mkono pamsonkhano wa ndale, ndipo ena amandiseka nazo mpaka lero. Koma chimene ndinalawa m'chipanda tsiku limenelo sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndiye ndilemba pang'onopang'ono monga ndinazionera.

Ine ndimamwa khofi. Ndinazolowera ndili khukhi wophikira azungu pa esiteti ina ku Thyolo, kumene ndinatha unyamata wanga wonse. Pobwerera kuno ku Neno, kumapiri a kufupi ndi Ligowe, ndinatenga mbande zochepa n'kuzibzala kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi, pamene munthu wodutsa mumsewu sangaone. Kuno kumazizira, mitengoyo inagwira bwino. Zipatso zikafiira ndimathyola, ndimasenda, ndimayanika, kenako ndimakazinga m'phale n'kusinja mumtondo. Ndimamwa wopanda shuga, wopanda mkaka.

Zonsezi ndinkachita mobisa, ndipo chifukwa chake ndi mng'ono wanga. Zaka zimene ine ndinkanyamula mbale za azungu, iye ankalima yekha munda wa amayi, n'kuwasamala mpaka kuwaika m'manda. Ine ndinafika maliro atatha. Nditabwereratu kumudzi, tsiku lina ndinakhala pakhonde ndi kapu yanga. Iye anadutsa ndi khasu paphewa, anangoyang'ana n'kunena kuti, "Abwana akumwa zakwawo." Sanawonjezere china. Kuyambira pamenepo khofi analowa m'khitchini, chitseko chili chotseka, ndipo ndinkakazinga anthu akapita kumunda. Tinakalamba limodzi ndi mng'ono wangayo, nyumba zathu zikuyang'anana, tikuthandizana pamaliro ndi pokumba mbatatesi, koma za kapu ija sitinakambenso.

Nthawi ya kampeni kunabwera mtsikana wovala magalasi akuda, wa gulu la bambo wina amene ankafuna uphungu. Anayendera nyumba za m'mbali mwa msewu, n'kusankha pakhomo panga chifukwa khitchini ndi yofolera udzu. Nyumba yamalata anati isaoneke pojambula.

"Agogo, abwana akufuna adzacheze ngati mwana wa pakhomo," anatero. "Mutiphikire thobwa. Mipandoyi muchotse, muyale mphasa. Ndipo jeketeyo musadzavale."

"Jekete yalakwa chiyani?"

"Ikukuonetsani ngati aphunzitsi opuma."

Mayi a kunyumba anakondwa. Anapera chimera cha mawere, n'kuphika thobwa lodzaza ndowa, loti mlendo akamwa akalisimbe kwawo.

Tsikulo litafika, magalimoto anaima patali, pokhotera, ndipo bwanayo anabwera wapansi. Anavala shati yakale koma yosita bwino, ndi nkhwaila za tayala zatsopano. Mng'ono wanga, amene anakhala kutsogolo ndi akuluakulu ena, anandigwedeza ndi chigongono.

"Achimwene, taonani zidendenezo. Zosalala ngati za khanda."

Bwanayo anapereka moni wa manja awiri kwa aliyense, n'kukhala pamphasa. Maondo ankamukana, koma anapirira. Anyamata awiri ankajambula ndi mafoni. Mtsikana wa magalasi uja anatenga chipanda kwa mayi a kunyumba, n'kunena kuti akukachitsuka kugalimoto. Pobwera chinali chodzaza. Ndinayang'ana kukhitchini, ndowa ya thobwa inali chivundikirire.

Mtsikanayo analunjika nacho kwa bwana wake, koma ine ndinaimirira.

"Mwana wanga, pakhomo pano mlendo samwa mwini nyumba asanalawe."

"Agogo, nthawi yatithera."

"Ayi, asiyeni," anatero mmodzi wa ojambula aja. "Zimenezo ndiye zokoma kujambula. Agogo, tembenukirani kuno."

Mtsikanayo analibe kuchitira mwina. Ndinalandira chipanda. Maonekedwe ake anali a thobwa la mawere ndithu, koma nditamwa, pakamwa panalibe masese ngakhale pang'ono. Anali khofi wamkaka, wozizira, wothira shuga wambiri. Ndiyenera kunena chilungamo, anali khofi wabwino, wokazinga ndi munthu wodziwa ntchito yake. Kaya ankaopa madzi a pamjigo wathu, kaya m'mimba mwa bwanayo simugwirizana ndi chimera, sindikudziwa.

Ndinapukuta pamlomo pa chipanda n'kumupatsa bwanayo ndi manja awiri. Anamwa mosangalala, khosi likuyenda, n'kudzipukuta ndi kuseri kwa dzanja.

"Aaa! Ngati la malemu amayi anga!"

Amayi anaimba nthungululu, ena n'kumamenya mayi a kunyumba paphewa powayamika. Iwo anangoyang'ana pansi.

Kenako bwanayo anaimirira kuti alankhule. Anayamba ndi mnzake wopikisana naye, amene anati amakhala m'tauni. Anati munthuyo m'mawa amapita kuhotela kukamwa khofi wa thovu pamwamba, wojambulidwa maluwa. Anamutsanzira mmene amagwirira kapu, kachala kakang'ono kali m'mwamba, ndipo anthu anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, chifukwa ankatha kutsanzira.

"Kodi munthu womwa khofi angadziwe matope a msewu uno?"

"Ayiii!"

"Angadziwe kunyamula wodwala pamachira mvula ikugwa?"

"Ayiii!"

"Pano alipo amene amamwa khofi?"

"Palibeee!"

Ndikanatha kukhala chete. Ndinali nditakhala chete zaka zonsezo, tsiku limodzi silikanandivuta. Koma ndinali pabwalo langa, shuga wa m'chipanda akadali palilime, ndipo munthu amene anali atangomwa khofi pamaso panga ankandiuza kuti womwa khofi si wa kuno. Odwala ndinawanyamulapo pamsewu umenewo, matope akufika m'maondo. Mitengo ija ndinabzala ndi manja anga m'dothi la makolo anga. Ndinakweza mkono.

Phokoso linazizira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Bwanayo anandiyang'ana akumwetulira.

"Madala, inu? Khofi?"

"Ine ndemwe, bwana."

"Mumakamwera kuhotela iti?"

Anthu anaseka. Ine ndinayankha.

"Ndimathyola kuseri kuno, pakati pa nthochi. Ndimakazinga ndekha. Ndipo ndikangolawa ndimamudziwa, ngakhale atamuthira mkaka."

Kumwetulira kuja kunaima pamene kunali. Mtsikana uja anavula magalasi. Mawu otsala anali okonzeka m'kamwa mwanga, ndipo ndikananena, nkhani ikanafika ku Magaleta dzuwa lisanalowe. Koma munthuyo anali mlendo, anakhala pamphasa yanga, ndipo chipanda ndinamupatsa ndine. Sindinaleredwe kuchititsa manyazi mlendo pakhomo. Ndinatsitsa mkono n'kukhala pansi.

Andale ali ndi luso lawo. Bwanayo anaseka mokweza, n'kundiloza.

"Mwamva? Khofi wa kumudzi! Wa mlimi! Ameneyo ndiye ndikufuna tizidzagulitsa kunja!"

Anthu omwe aja amene ankakuwa kuti palibe, anaomba m'manja. Iye anapita pankhani ya msewu ndi feteleza, osatchulanso khofi. Mtsikana uja ananyamula chipanda mwakachetechete, n'kukachibweza chotsuka. Potsanzikana bwanayo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Zikomo, madala." Ndinayankha kuti ayende bwino.

Magalimoto atapita, mayi a kunyumba anavundukula ndowa n'kugawira anthu, ndipo thobwa lawo linatha lonse. Anyamata ena pochoka ankakuwa kuti, "Abwana a ku Thyolo, mutisungireko wa thovu!" Zimenezo sizinandipweteke. Amene ndinkamuopa ndi mmodzi yekha, ndipo iyeyo sanachoke. Anakhalabe pamphasa, akuthyolathyola kaudzu, dzuwa likupendeka.

"Achimwene," anatero mng'ono wanga, "mwatichititsa manyazi kapena mwatikweza? Ine sindikumvetsa."

"Nanenso sindikudziwa."

"Koma kukweza mkono ngati mwana wa sukulu! Kusukulu ya kwacha kuja anakuphunzitsani zimenezi?"

"Anatiphunzitsa kuti ukadziwa yankho usabise."

Anaseka pang'ono.

"Inu mumaganiza kuti sitikudziwa eti? Mukamakazinga, fungo limafika mpaka kudimba. Adzukulu anga amati agogo aakulu ayamba kupsereza nyemba zawo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Munthu watseka chitseko." Anataya kaudzu kaja. "Zaka zonsezi, ngakhale tsiku limodzi kundiitana kuti iwe, talawa. Ndinkati mwina m'kamwa mwathumu simuyenera zimenezo."

"Si inu munati abwana akumwa zakwawo?"

"Ndinatero ine?" Anakanda kumutu. "Mwina ndinatero. Ndinali ndi mkwiyo nthawi imeneyo, amayi anali asanaume m'manda. Ndiye inu munasunga zimenezo mpaka mano kutha?"

Ndinkafuna kunena za maliro aja, koma iye anaimirira, maondo akulira, n'kukung'untha thalauza.

"Ndikukamangirira mbuzi," anatero, n'kuwoloka msewu.

M'mawa mwake ndinasonkha moto pabwalo, osati m'khitchini. Ndinakazinga poyera, amayi opita kumjigo akuima n'kumayang'ana, ndipo ndinkawapatsa moni mmodzimmodzi. Ndinasinja, ndinawiritsa madzi, ndinasefa ndi kansalu koyera. Ndinavala jekete yanga. Kenako ndinanyamula ketulo ndi makapu awiri, m'thumba muli kapepala ka shuga poopa kuti tsiku loyamba angamve kuwawa, n'kuwoloka msewu. Mng'ono wanga ankanola khasu pamwala. Ndinaima pamalire a bwalo lake n'kuodira ngati mlendo.