Nolufefe ndi Mneni Wothawira Kumapeto

Inu amene mtima ukukupwetekani poona mnzanu akukwera, imvani za Nolufefe.

Tsiku limene Zimkhitha anavala jekete yoyera ya ukapitawo, Nolufefe anakalirira kuseri kwa shedi yolongedzeramo mphesa ku De Doorns. Sinali misozi yachimwemwe ayi. Inali nsanje, yowotcha pachifuwa.

Zimkhitha anali mng'ono wake, mwana wa mayi ake aang'ono. Nolufefe ndiye anamutenga kumudzi ku Cofimvaba, n'kumuphunzitsa kudula mphesa osaziphwanya. Iye anali atagwira pafamupo zaka zisanu ndi zinayi, Zimkhitha ziwiri zokha. Koma mpando wa ukapitawo utapezeka, bwana anawafunsa onse awiri m'Chiafirikansi, chilankhulo cha kumeneko. Zimkhitha, amene ankacheza ndi atsikana a m'deralo, anayankha bwinobwino. Nolufefe mawu anali nawo ambiri, koma anangowakhuthula mosokoneza, mpaka mlembi anabisa nkhope kuseri kwa fayilo kuti aseke.

Kuyambira pamenepo Nolufefe anasiya kumupatsa moni mng'ono wakeyo. Ankauza anzake kuti mtsikanayo anapeza mpando chifukwa chomwetulira bwana, osati ntchito.

Anti Mieta, mayi wachikulire amene ankamata mapepala pamabokosi, anamumva pa nthawi ya nkhomaliro.

"Mwana wanga, lilime lakoli ndi lakuthwa. Ukulithera pa miseche, bwanji osabwera nalo kwa ine ndikuphunzitse Chiafirikansi?"

Nolufefe anakwiya, koma Lolemba anabwera ndi kope. Anti analemba pabokosi kuti Ek pak druiwe, kutanthauza kuti ndimalongedza mphesa. Anamuuza kuti mneni amakhala pamalo achiwiri, ngakhale uyambe ndi mawu oti lero: Vandag pak ek druiwe. Ukamanena zakale, mawu oti het amalanda malowo, mneni n'kuthawira kumapeto: Ek het druiwe gepak. Pokana, mawu oti nie amanenedwa kawiri: Ek het nie druiwe gepak nie.

"Ife kuno timakana kawiri," anatero Anti, "chifukwa amuna athu samva kamodzi."

Miyezi inayi Nolufefe analimbana ndi ziganizo nkhomaliro iliyonse, buledi kudzanja ili, pensulo kudzanja linalo. Nie wachiwiri ankamuiwala pafupipafupi. Anzake anayamba kumutcha Pulofesa, koma iye sanasiye. Kunena zoona, chimene chinkamukankha sichinali chikondi cha chilankhulo. Ankafuna kumuposa Zimkhitha basi. Mng'ono wakeyo akamalankhula, iye ankatchera khutu kusaka cholakwa.

Tsiku lina anachipeza. Zimkhitha akuuza gulu lonse za mabokosi amene sanatumizidwe, anaika mneni pakati m'malo mwa kumapeto. Nolufefe anaseka mokweza, n'kubwereza chiganizocho molondola kuti aliyense amve.

Zimkhitha anamuyang'ana, misozi ikulengeza m'maso.

"Zikomo, sisi. Muzindikonza choncho. Zonse zimene ndimadziwa pano munandiphunzitsa ndinu."

Nolufefe anali atadikira tsikulo miyezi yonseyo, koma silinamukomere ngakhale pang'ono. Anagwira ntchito mpaka kuweruka mutu uli pansi. Pobwerera kunyumba anakhala pafupi ndi mng'ono wake pa lole, n'kumuuza zoona: kuti ankamuchitira nsanje, ndi kuti zimene ankamunenera zinali zabodza. M'mawa mwake anakabwereza zomwezo pamaso pa anzake onse.

Nyengo ya mphesa itatha, Zimkhitha yemweyo anamubweretsera uthenga woti nyumba yosamalira okalamba ku Worcester ikufuna munthu wodziwa Chiafirikansi. Nolufefe anapita. Anayankha mafunso pang'onopang'ono, mneni aliyense pamalo pake, ndipo anamulemba ntchito. Lero ndi iye amene amayang'anira antchito khumi ndi awiri osamalira okalamba, ndipo Loweruka amaphunzitsa ziganizo amayi ongofika kumene kuchokera kumudzi.

Nsanje imabwera kwa aliyense, koma mwayi wa mnzanu sunatseke khomo lanu. Funsani chimene iye akudziwa chomwe inu simukudziwa, mupeze wokuphunzitsani, muyambe ndi chiganizo chimodzi. Akusekeni lero, mawa mubwerenso ndi kope lanu. Musagwe ulesi, ndipo musataye m'bale wanu panjira.