Dzanja la a Fabiyao ndi zilembo za ku Japani

Chizindikiro choyamba chinali burashi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amuna anga a Fabiyao akulemba dzina pakhoma la golosale ina pamsika wa Zóbuè, kwathu kuno pamalire ndi Malawi. Burashi inangopulumuka m'dzanja. Anatola, inagwanso. Pofika kunyumba mlomo unali utapendekera mbali imodzi, mwendo akuchita kukoka, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera, chikhalirecho iwo mowa salawa n'komwe.

Chibwererereni kothawa nkhondo ku Malawi, ntchito yawo inali yolemba basi: zikwangwani, mitanda ya kumanda, ndi maminibasi akale ochokera ku Japani, omwe ankawafuta zilembo zachijapani n'kulembapo mayina athu. Ndiye achibale atamva kuti lafa ndi dzanja lolembera, onse anangoti ndi nsanje ya anthu. Anawatema mphini paphewa n'kuwapaka zakudazakuda. Ine ndinkati tipite kuchipatala, koma apongozi anga, mayi awo a Fabiyao, anakanitsitsa kuti matenda ochita kutumizidwa sagwirizana ndi jakisoni. Mlungu wathunthu unatha choncho. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Mapeto ake ndinangowakweza galimoto ndekha kupita ku Moatize, wolankhula alankhule. Adotolo atawapima anati ndi torombozi, matenda ofa ziwalo obwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mukanabwera tsiku lomwelo, mwina dzanjali silikanafika apa."

Anawagoneka kwa kanthawi, kenako tinakakhala kwa mchemwali wanga ku 25 de Setembro, dera la ku Moatize komweko, kuti tiziyendera pafupi. Moyo wake unali umodzimodzi: kulawirira, kukhala pabenchi, kudikira dzina, kupimitsa magazi, kulandira mapiritsi, kubwerera malaya atada ndi fumbi la malasha. Anamwino ankawapinda ndi kuwatambasula mkono, n'kuwauza kuti kunyumba azifinya kampira, azitola nyemba imodziimodzi, ndiponso azilemba tsiku lililonse. Pofika Khirisimasi mwendo unayamba kumvera, mawu anabwerera, tinabwerera kwathu.

Koma kulemba kunakanika. Tsiku loyamba analemba dzina lawo, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuponya pensulo panja. Munthu amene Zóbuè yense ankadziwa zilembo zake, lero zikutuluka ngati papalasa nkhuku. Chiyambire pamenepo sanafunenso. Ankangokhala kuseri kwa nyumba, kusamba mochita kukakamiza, chakudya kungolawa. Ndinanyengerera, ndinakalipa, tsiku lina ndinawauza kuti ine sindinakwatiwe ndi chitsa. Kenako ndinakalira ndekha kudimba. Anamwino anali atatichenjeza kuti dzanja likangokhala limauma, ndipo likapindika lapindika. Zala zinali zitayamba kale kufumbata zokha.

Alamu anga a Zakariya amayendetsa magalimoto akale a ku Japani kuchokera kudoko kupita ku Malawi. M'galimoto ina anapeza kamakina kamasewera kopinda ngati kabuku, kali ndi kandodo kake ndi chingwe chotchajira. Anatisiyira kuti odwala azitayitsira nthawi. Ine ndinaona ngati chipongwe, munthu wa imvi kumupatsa chidole.

Masewera ake anali ophunzitsa ana a ku Japani kulemba. Pagalasi pamabwera chithunzi, kaya phiri, kaya mtsinje, pambali pake chilembo chake chosaoneka bwino, iwe n'kumatsatira ndi kandodo mzere umodziumodzi. Ukayambira kolakwika kamalira moipa n'kufuta zonse. Ukakhoza kamaimba belu.

A Fabiyao anaseka koyamba chidwalireni. Anati zaka zonsezi akhala akuzifuta zilembo zimenezi, lero zabwera kudzabwezera. Kandodo kankawapulumuka, ndiye ndinakakulunga ndi mphira kuti kanenepe. Chilembo cha mtsinje ndi mizere itatu yokha yotsika, koma chinawatengera masiku. Kulira koipa kuja kunanditopetsa, moti kangapo ndinafuna kukaponya m'chimbudzi. Kenako belu linayamba kumveka kamodzikamodzi. Anakhoza phiri, mtengo, munthu, mpaka zina za mizere yambiri zonga dengu.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake akulimbikira za eni ake pomwe dzina lawo akulikana. Anati, "Zathuzi ndimadziwa mmene zimayenera kukhalira, ndiye ndikaziona ndimamva chisoni. Izi mu Zóbuè muno palibe angandiuze kuti ndakhotetsa, ngakhale ine amene."

Anamwino ataona zala zikutambasuka anangoti apitirize, osasiyanso kampira ndi mapiritsi.

Mvula itatha apongozi anamwalira. Patafunika wolemba dzina pamtanda, anthu anayamba kunong'onezana zokafuna munthu wina. A Fabiyao anangodzuka n'kukatenga burashi yawo ija. Ntchito yomwe kale inali ya kanthawi kochepa inawatengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili kamukamu, dzanja lamanzere litagwirizira lamanja. Analemba dzina lonse la mayi awo. Za mlungu uja tinachedwa kupita kuchipatala sanatchulepo, ngakhale tsiku limenelo.

Pano akuyenda okha, ngakhale amatsimphina pang'ono. Mapiritsi amamwa tsiku lililonse, ndipo kopimitsa sitijomba. Chijapani kulankhula sadziwa ngakhale liwu limodzi, koma minibasi ikaima pamalire amaloza zilembo zomwe akuzizindikira. Dzanja silinabwerere lonse. Kukazizira limanjenjemera, zala ziwiri sizimva, ndipo ntchito zikuluzikulu zinapita kwa ena.

Inu mukaona munthu mlomo wapendekera, kapena chinthu chikumugwa m'manja, musadikire msonkhano wa achibale. Thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, zokangana mudzakangana pobwera. Wofuna kudziwa zomwe mlungu umodzi umachita apite kumanda a kwathu akaone mtanda wa apongozi anga. Dzina likuwerengeka bwinobwino, koma zilembo zonse n'zopendekera.